Kwa mng'ono wanga wa ku Tsangano, amene abambo ake amupatsa mpaka nthawi yokolola

Lachitatu lapitali, cha m'ma 1 koloko usiku, ndinalandira imelo kuchokera kwa mnyamata wa zaka 20 wa m'boma la Tsangano, muno m'Mozambique. Anailemba pa foni yobwereka. Wandilola kuti ndimuyankhe pano chifukwa akudziwa kuti si yekha amene ali m'madzi amenewa. Dzina lake ndi la mudzi wake ndachotsa, ndipo kalatayo ndaifupikitsa:

"Achimwene, abambo anga anatenga foni yanga ine ndikusamba, n'kuwerenga mauthenga a pa WhatsApp amene ndinkalemberana ndi mnyamata mnzanga wa ku Ulongwe. Foniyo anaiphwanya ndi mpini wa khasu. Kuyambira tsiku limenelo sanditchulanso dzina. Anditengera kwa mneneri kawiri. Tsopano akuti tikangokolola ndikwatire mtsikana amene iwo asankha, apo ayi ndichoke pakhomo ndipo akandipereka kupolisi. Ndili mu kalasi 12. Kodi ndingasinthe? Ndingokwatira kuti pakhomo pakhale mtendere? Kodi Mulungu amadana nane? Nthawi zina ndimaona kuti bola ndikanapanda kubadwa."

Undilole ndikutchule kuti iwe, pakuti ndine mkulu wako ndi zaka zambiri ndithu, ndipo kwathu ndi kwanu ndi kufupi. Ine ndinakulira m'boma la Angónia. Mphepo ya mu Juni imene imakubaya m'mafupa ukamapita kudimba m'mamawa ndikuidziwa.

Ndiyambira pa mzere wako womaliza, chifukwa ndi umene wandisowetsa tulo. Maganizo akuti bola ukanapanda kubadwa ndinakhala nawo inenso, ndipo ndikudziwa kuti amakula usiku, pamene nyumba yonse yagona iwe uli maso m'gowelo. Ndikukupempha zinthu ziwiri lero lomwe. Uuze munthu mmodzi wamoyo, woti angathe kukugwira dzanja, kuti maganizo amenewa akukubwerera. Sukuyenera kumufotokozera chifukwa chake ngati sukufuna. Ungonena kuti, "Mtima wanga suli bwino, usamandisiye ndekha." Chachiwiri, chilichonse chimene maganizo ako amathamangirako nthawi ngati imeneyo, chichotse pafupi nawe, upatse wina akusungire. Kuchipatala kuli chipinda cha achinyamata chimene amachitcha SAAJ, ndipo ukhoza kupitako n'kunena kuti sukugona komanso ukuganiza zoipa pa moyo wako. Kwa owerenga ena amene simunakwane zaka 18, nambala 116 ya Linha Fala Criança ndi yaulere. Maganizo amenewa ndi chilonda chimene wakupatsa ndi munthu wina. Sakunena zoona za iwe.

Tsopano za apolisi, chifukwa apa ndi pamene ndingakupepuze msanga. Muno m'Mozambique kukonda mwamuna mnzako si mlandu. Lamulo lakale la Apwitikizi la 1886, limene linkalola kuti munthu agwiritsidwe ntchito yakalavulagaga mpaka zaka zitatu pa zimene ankati ndi makhalidwe otsutsana ndi chilengedwe, linachotsedwa. Malamulo atsopano a milandu anasainidwa mu Disembala 2014 ndipo anayamba kugwira ntchito kumapeto kwa Juni 2015. Ngakhale izi zisanachitike, lamulo la ntchito la 2007 linali litaletsa kale kusala munthu pantchito chifukwa cha amene amakopeka naye. Abambo ako akakafika nawe kupolisi, palibe ndime imene angakutsekere nayo. Amene angakhale ndi mlandu ndi munthu womenya mnzake.

Ndikudziwa chifukwa chake anthu akwathu ambiri sakudziwa zimenezi. Ife a m'malire timamvera kwambiri mawailesi a ku Malawi kuposa a ku Maputo, chifukwa amalankhula chilankhulo chathu. Ambiri amakumbukirabe nkhani ya mu 2010 ya anthu awiri amene khoti la ku Blantyre linawalamula kukakhala kundende zaka 14, mpaka Pulezidenti Bingu wa Mutharika anawakhululukira patangopita masiku ochepa. Nkhani imeneyo inamveka m'mudzi uliwonse kuyambira ku Dómuè mpaka ku Zóbuè, ndipo anthu anangoti ndi mmene lamulo lilili kulikonse. Si choncho. Koma usaiwale mbali inayo: ku Malawi lamulolo lilipobe, ndipo khoti linaliikira kumbuyo mu Juni 2024. Ku Zambia nakonso ndi mlandu. Ukapita kukagulitsa mbatatesi pa Lizulu, pamene msewu wa phula ndiwo malire, dziwa kuti tsidya lino ndiwe mfulu pamaso pa lamulo, tsidya linalo ayi. Foni ndi pakamwa uzisamala ukawoloka.

Sindikufuna kukunamiza kuti lamulo latha zonse. Ukwati wa amuna okhaokha kapena akazi okhaokha boma siliuzindikira. Bungwe la Lambda, limene limaimira anthu ngati ife, linayamba mu 2006 ndipo lakhala likupempha boma kuti lililembe m'kaundula kuyambira 2008, koma lakhala likungoyendetsedwa uku ndi uku. Ndipo lamulo la ku Maputo silikhala nawo pa mkeka pamene banja likudya nsima. Komabe kuopseza kwa apolisiko kuchotse pamtima. Katundu amene watsala ndi wolemera kale.

Wafunsa ngati ungasinthe. Apa ndikuuza za ine, chifukwa funso limeneli ndinaliyesa ndi thupi langa.

Abambo anga anathawa nkhondo mu 1986, atabereka mlongo wanga kumbuyo, amayi atasenza mtolo wa ziwiya, n'kuwolokera mbali ya Dedza. Ine ndinabadwira komweko. Mtendere utasainidwa ku Rome mu 1992 tinadikirabe, n'kubwerera mu 1994. Tinapeza pamudzi pali tchire lokhalokha. Nyumba, nkhokwe, chigafa cha fodya, zonse anamanga ndi manja awo. Anakhala mkulu wa mpingo. Ndi munthu amene nkhondo inamuphunzitsa kuti wopulumuka ndi amene saonekera, amene sasiyana ndi anzake. Ndikunena izi kuti udziwe kuti munthu amene ndikufuna kumufotokozayu si chilombo. Ndi bambo amene anandinyamula paphewa kundiwolotsa mitsinje.

Mu 2005, ndili ndi zaka 18, ndinalembera mnzanga wina kalata pa pepala lothothola m'kope. Sindinaitumize n'komwe. Inapezeka. Abambo anaiwerenga mokweza pakhonde, pa kuwala kwa koloboyi, abale anga onse ali pomwepo. Za ndodo sindinena zambiri, mabala ake anapola kalekale. Chimene sichinapole msanga chinachitika m'mawa mwake. Anatenga kapu ya pulasitiki yobiriwira, yong'aluka pamlomo, n'kuiika pazenera la khitchini. Anauza amayi kuti, "Uyu azimwera imeneyi. Asamwerenso kapu imodzi ndi ana anga." Ana anga. Ine ndili chilili pomwepo, ndipo m'mawu awiri amenewo ndinali nditachotsedwa kale m'gulu la ana.

Zitatero anayamba kundifunira mankhwala. Sing'anga wina anandicheka mphini pachifuwa ndi pamsana, zipsera zake ndili nazo mpaka lero. Ndinakwera phiri ndi anthu opemphera, masiku atatu osadya, akundigwira mutu n'kumalamula chiwanda kuti chituluke. Ndipo ndikuuze chinthu chimene anthu ambiri samvetsa: amene ankafunitsitsa kusinthako kuposa wina aliyense ndinali ineyo. Palibe amene ankandikoka. Ndinkapita ndekha, ndikulira, ndikulonjeza Mulungu chilichonse. Zaka ziwiri zathunthu. Ndinatsika phiri lija ndili wowonda, wamantha, wodziona ngati chinyalala, koma mtima wanga unkakopekabe kumene unkakopeka kale.

Choncho yankho langa ndi lakuti ayi. Sindinaonepo munthu amene mphini, kusala kudya kapena ukwati zinamusintha pa nkhani imeneyi. Ndaonapo ambiri amene anaphunzira kubisa, ndipo kubisa ndi kusintha ndi zinthu ziwiri zosiyana. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linachotsa kukopeka ndi amuna kapena akazi anzako pa mndandanda wa matenda pa 17 Meyi 1990. Chinthu chimene si matenda sichikhala ndi mankhwala. Amene akulonjeza abambo ako kuti akuchiritsa akungowadyera ndalama za fodya.

Udzamva akunena kuti izi n'zachizungu. Liwu lonyoza limene akukutchula nalo, la mathanyula, silinabwere ndi intaneti. Agogo athu amene ankapita ku migodi ya ku Joni ndi Wenela ankalidziwa. Chimene chinabwera ndi azungu motsimikizika ndi malamulo olanga aja, lathu kuchokera ku Lisbon, la ku Malawi kuchokera ku London. Ndipo amene analembera atsogoleri a mu Africa kalata yapoyera mu Januwale 2014, kuwapempha kuti alemekeze ufulu wa munthu aliyense posayang'ana amene amakonda, anali Joaquim Chissano, pulezidenti wathu wakale. Sindikukuuza izi kuti ukatsutsane nazo ndi abambo. Mkwiyo wawo sungathe ndi mbiri yakale. Ndikukuuza kuti iweyo ukhale nazo mumtima pamene akukuchititsa kudziona ngati mlendo m'dziko lako.

Ndinachoka pakhomo mu 2007. Amalume, achimwene awo a amayi, anagulitsa matumba a mbatatesi n'kundipatsa ndalama yokwerera chapa (minibasi) ndi yoyambira. Sananditonthoze ndi mawu ambiri. Anangoti, "Mwana wa mlongo wanga safera m'nyumba ya mkamwini." Ndinatsikira ku Moatize nthawi imene migodi ya malasha inkatseguka, anthu akukhamukirako kuchokera mbali zonse. Ndinayamba ndi kunyamula katundu pamsika, kenako munthu wina anandiphunzitsa kuwotcherera zitsulo, ntchito imene ndikudyera mpaka lero. Ndinapeza kachipinda ka lendi. Ndinkaganiza kuti basi ndamasuka.

Tsiku lina mu Okutobala 2012, dzuwa la kuno lija limene limapitirira madigiri 40, mayi wina woyandikana naye nyumba, Mnyungwe wogulitsa nsomba zouma za chicoa, analowa m'chipinda mwanga thukuta lili kamukamu kudzapempha madzi. Ine ndinatembenuka kuti nditenge kapu ya alendo m'beseni. Pocheuka ndinapeza atatenga kale ina imene inali pazenera, akutunga mumtsuko. Ndinakuwa ndisanaganize n'komwe: "Ayi mayi, imeneyo ndi yanga!" Anaima, kapu ili m'manja, n'kundiyang'ana. "Ili ndi chiyani? Mukudwala chifuwa chachikulu?" Ndinasowa choyankha. Mayi ameneyu ankadziwa za ine, pakuti m'nyumba za lendi chinsinsi sichikhalitsa. Anamwa madzi onse, anatunganso ena, anamwa, n'kuika kapuyo m'beseni pamodzi ndi zinzake. Anatuluka akudandaula za mtengo wa nsomba.

Ndinakhala pansi pa simenti nthawi yaitali. Zaka zisanu ndili m'nyumba imene lendi yake ndinkalipira ndekha, makilomita oposa 200 kuchokera kwa abambo, ndipo kapu yanga ndinkaiika pazenera. Palibe amene anandiuza. Ndinkaitsuka payokha, ndi kansalu kakekake. Abambo ndinawasiya ku Angónia, koma lamulo lawo ndinabwera nalo n'kumalisunga mokhulupirika kuposa mmene iwo akanachitira.

Ichi ndiye chenicheni chimene ndikufuna ukamve, mng'ono wanga. Ukuganiza kuti nkhondo yako ndi yoti abambo akulandire, ndipo ukuyembekeza kuti iwo akadzati "mwana wanga" ndiye kuti nawenso udzayamba kudziona ngati munthu. Ukatero wapereka makiyi a moyo wako kwa munthu amene mwina sadzatsekula chitseko chimenecho mpaka kalekale. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ntchito yodzilandira ndi yako, ndipo ukhoza kuiyamba lero uli m'gowelo momwemo, popanda kulengeza kwa wina aliyense. Kwa ine inayamba ndi funso laling'ono limene ndinazolowera kudzifunsa liwu lonyoza likamveka m'mutu: kodi amene akulankhulayu ndani? Nthawi zambiri ndinkapeza kuti ngakhale kamvekedwe kake kanali ka abambo, kapena ka mneneri wa kuphiri uja. Ukalizindikira liwulo kuti ndi la mwini wake, limayamba kuchepa mphamvu. Silichoka tsiku limodzi. Langa linatenga zaka, ndipo nthawi zina limabwerabe ndikadwala kapena ntchito ikasowa. Chinandithandiza kwambiri n'kukumana ndi ena onga ine, mphunzitsi, namwino, woyendetsa galimoto zonyamula katundu, anthu wamba odzuka m'mawa kupita kuntchito. Ndisanawaone ndinkangodziwa mawu otukwana, sindinkadziwa kuti pali moyo wathunthu umene munthu angakhale.

Za ukwati ndikuyankha mosapita m'mbali: usakwatire. Mtsikana amene akusankhirayo ndi mwana wa munthu. Ali ndi maloto ake, akufuna mwamuna amene adzamuyang'ane ndi chikondi chenicheni. Ndikudziwa amuna angapo amene anachita zimene abambo ako akufunazi. Mtendere unakhalapo miyezi ingapo. Kenako mkazi anayamba kudzifunsa kuti walakwa chiyani, n'kumapita kwa anankungwi kukafunsa malangizo, n'kumadziimba mlandu pa chinthu chimene sichinali chake. Mwamuna n'kumakhala ndi moyo wachiwiri wa mumdima, wothamanga, wopanda chitetezo, umene umabweretsa matenda m'nyumba. Ana n'kubadwira m'kati mwa chinsinsi chimenecho. Ndipo ngati ndi zachikamwini, udzakakhala pamudzi pa eni ake, maso onse ali pa iwe, wopanda kothawira. Ululu umene uli nawo lero sudzatha, udzangougawira anthu ena amene sanalakwe. Chinanso, fufuza zaka za mtsikanayo. Ngati sanakwane 18, lamulo la 2019 loletsa maukwati a ana likunena momveka kuti aliyense wokonza ukwati wotere ali ndi mlandu.

Koma kukana ukwati sikutanthauza kuti ukaime pabwalo n'kuuza abambo zonse za mumtima mwako. Pa intaneti udzaona anthu a kumayiko ena akulimbikitsa kuti munthu aulule kwa makolo ake molimba mtima. Ambiri a iwo ali ndi kopita zikavuta. Iwe ukudya nsima ya abambo, ukugona m'nyumba yawo, ndipo mayeso a kalasi 12 ali kumapeto kwa chaka. Kukhala chete pa nthawi ngati imeneyi si mantha ndipo si kudzikana. Chimene ukufunika panopa ndi nthawi. Chimanga chikololedwa mu Meyi, mayeso ndi a mu Novembala kapena Disembala. Miyezi ya pakatiyo ndi imene tikuimenyera.

Njira yake ndi ya kwathu komwe. Iwe sungakambirane ndi abambo maso ndi maso pa nkhani ya ukwati, ndipo mwambo sukulola n'komwe kuti nkhani yotere ithe popanda amalume. Pita kwa amalume ako, kapena azakhali, kapena agogo, aliyense amene mawu ake amalemera pakhomopo ndipo sanakutukwanepo. Usapemphe kuti akumvetse. Upemphe chinthu chimodzi chokha: kuti nkhani ya banja iyambe yaima mpaka ulembe mayeso. Limeneli ndi pempho limene munthu wamkulu aliyense angalinyamule popanda manyazi, ngakhale amene sagwirizana nawe.

M'kalata yako yonse sunatchule amayi. Ndaona zimenezo. Sindikudziwa ngati alipo, kapena ngati ali mbali ya abambo, kapena akungoopa. Amayi anga sananditetezepo ndi mawu pamaso pa abambo, ndipo kwa zaka zambiri ndinkawasungira chakukhosi. Ndinadzazindikira mochedwa kuti mbale yanga, imene nayonso inali yopatulidwa ngati kapu ija, nthawi zonse inkakhala ndi ndiwo zambiri kuposa za ena. Ndi mmene ankathera kulankhula. Ofufuza a ku San Francisco anasindikiza mu 2009 zotsatira zosonyeza kuti achinyamata onga ife amene mabanja awo anawakana kwambiri ankayesa kudzipha kuwirikiza kasanu ndi katatu poyerekeza ndi amene sanakanidwe kapena anakanidwa pang'ono. Anthu ake ndi a dziko lina, koma zimene anapezazo ndikuzizindikira. Kukanidwa ndi kumene kumapha, ndipo munthu mmodzi yekha pabanja amene sanakutaye amachepetsa kulemera kwake. Yang'anitsitsa pakhomo panu. Mwina alipo amene akukuwonjezera ndiwo.

Uku ukudikira, konzeka mwakachetechete. Chiphaso chako cha BI, kalata yobadwira ndi satifiketi ya kalasi 10 zikhale m'manja mwako kapena kwa munthu amene umamukhulupirira, chifukwa munthu wokwiya amatha kuwotcha mapepala, ndipo kuwapezanso n'kovuta. Ndalama iliyonse ya ganyu, ngakhale 50 meticais, isunge pa M-Pesa kapena e-Mola pa nambala imene abambo saidziwa. Ganizira kumene ungagone usiku woyamba atakuthamangitsa mwadzidzidzi, ndipo munthu wakeyo umuuziretu. Akakumenyanso mpaka kukuvulaza, kupolisi kuli ofesi yoona za nkhanza za m'banja, ndipo a IPAJ amathandiza pa zamalamulo anthu opanda ndalama. A Lambda ukhoza kuwapeza pa Facebook n'kuwafunsa ngati pali anthu awo kufupi ndi kwanu. Koma chenjera ndi anthu osawadziwa amene angakulonjeze malo ogona kapena ntchito m'tauni kudzera pa foni. Mnyamata wothawa kwawo ndi nyama yofewa kwa achinyengo, ndipo ena amakopa anthu n'cholinga chowaopseza kuti awaulula akapanda kupereka ndalama.

Ndipo mnzako wa ku Ulongwe uja, wamuchenjeza? Abambo ako anawerenga dzina lake. Mwina iye sakudziwa kuti mauthenga ake anaonedwa, mwinanso akuganiza kuti unangomutaya. Peza njira yomuuza, kuti nayenso asadzidzimuke.

Funso la Mulungu ndalisiyira kuno dala, chifukwa sindine m'busa ndipo sindikufuna kulankhula ngati ndine. Mipingo yambiri kwathu kuno imaphunzitsa kuti ndi tchimo, ndipo sindikubisira zimenezo. Koma ngakhale m'kati mwa chiphunzitso chimenecho mulibe chilolezo cha zimene zikukuchitikira. Katekisimu wa Akatolika, pa ndime 2358, amati anthu onga ife alandiridwe mwaulemu ndi mwachifundo, ndipo asasalidwe mopanda chilungamo. Papa Francisco, amene anabwera kuno ku Mozambique mu 2019, ananena poyera mu Januwale 2023 kuti kukhala munthu wotere si mlandu. Bishopu Desmond Tutu wa ku South Africa anapita patali kuposa apo, anamenyera anthu onga ife mpaka ukalamba wake ndi mphamvu yomwe anamenyera nayo tsankho la khungu. Awa ndi anthu amene anawerenga Baibulo moyo wawo wonse. Ine ndinasiya kupemphera kwa zaka zingapo nditatsika phiri lija, chifukwa pemphero lokhalo limene ndinkalidziwa linali lakuti "ndisintheni". Ndinadzayambiranso pamene ndinaphunzira kupempherera zinthu zina, ntchito, thanzi la amayi, mvula ya kumudzi, monga munthu wina aliyense. Lamlungu ndimakhala pa benchi ya kumbuyo, ndimaimba nawo. Sindikhulupirira kuti amene anandiumba m'mimba mwa amayi anga kumalo othawirako nkhondo, n'kundisunga pamene ana ambiri ankafa, anachita zonsezo kuti adzadane nane.

Mwina ukufuna kudziwa kuti zinatha bwanji ndi abambo anga. Sizinathe. Alipo, akalamba, maso ayamba kuvuta. Chaka chilichonse mu Okutobala ndimatumiza ndalama ya feteleza kudzera kwa amayi, ndipo amathira m'munda mwawo akudziwa bwino kumene yachokera. Pamaliro a agogo mu 2019 ndinapita. Sanandipatse moni. Anauza mlongo wanga kuti, "Mpatseni mpando mlendoyo." Mlendo. Zinandipweteka, ndipo ndinalira pobwerera m'chapa. Koma ndinaona kusiyana kwake: ndinalira chifukwa ndinawasowa abambo anga, osati chifukwa ndinakhulupirira kuti ndine wodetsedwa. Ndikumvetsa zimene amaopa. Amaopa manong'onong'o a kumpingo, amaopa anthu amene amati zoterezi ndi zizimba zokhwimira chuma, amaopa kufa osaona adzukulu a mwana wawo wamwamuna. Mantha awo ndi enieni, ndipo ndimawamvera chisoni. Koma kuwamvetsa sikunandikakamize kubwerera pazenera paja. Akulu amati chibale ndi fupa, sichiola, ndipo ndikuvomereza. N'chifukwa chake fetelezayo ndimatumizabe. Abambo ako mwina adzafewa msanga kuposa anga, ndaonapo ena amene anatero mwana atayamba kudziimira payekha. Mwinanso sadzafewa. Usamange nyumba yako pa chiyembekezo chimenecho.

Panopa ndikukhala tsidya lino la Zambezi, m'tauni ya Tete, ndi munthu amene takhala limodzi zaka zisanu ndi chimodzi. Anthu oyandikana nawo ena amatipatsa moni, ena ayi. Madzulo kukazizira timakhala panja kudya masau, n'kumaona magalimoto akuwoloka pa mlatho wa Samora Machel. Ndi moyo wamba kwambiri, wa ngongole ndi malungo ndi kuseka. Ndili ndi zaka 20 sindinkakhulupirira kuti ungakhalepo.

Undilemberenso Loweruka likubwerali, ngakhale mizere iwiri, pa foni yobwerekayo, ndipo ukamaliza ufufute. Undiuze ngati wapeza munthu woti umuuze za maganizo a usiku aja, ngati BI ili m'manja mwako, ndiponso kuti mwa amalume, azakhali ndi agogo wasankha kuyamba ndi ndani. Ukapanda kulemba ndidzakulembera ndine.